Envulopu ya Amalume Ako pa Depoti

Ku dimba, kuno ku Mkanda
Lachinayi masana

Nambewe mwana wanga,

Usadabwe kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene wadya naye mbatata m'mawa womwe uno. Ndikudziwa useka, uti abambo mutu wayamba kuzungulira, tikugona nyumba imodzi koma akundilembera ngati ali ku Joni. Seka, mano ndi ako. Koma m'nyumba muja simukambika nkhani. Amayi ako amamva ngakhale nyerere ikatsokomola kuseri kwa nkhokwe, ndipo chimene amva m'mawa, pofika madzulo chili kale m'makutu mwa mlongo wawo ku boma. N'chifukwa chake ndathawira kuno ku dimba. Ndawauza kuti ndikukathirira tomato. Tomatoyo ali apayu akundiyang'ana ndi ludzu lake, ine ndavundikira chitini chothirira n'kuchisandutsa tebulo.

Kalatayi ndikupatsa mawa pa Mkanda ndikamakukweza matola. Uiwerenge m'galimoto momwemo. Mabampu akugwedeze, wina akuponde phazi, iwe werenga basi. Uimalize usanafike pa boma. Wamva, Prisika? Usanafike pa boma. Ukaisunga m'chikwama kuti ukaiwerenge mofatsa ku koleji, ndiye kuti pepala langa lapita pachabe.

Zolakwika m'kalembedwe usandiwerengere. Ine ndinalekeza sitandade faifi ku Guilleme, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma aphunzitsi zondiphunzitsa zinawathera, anayamba kumandifunsa ndi iwo, ndiye ndinawamvera chisoni n'kuchoka. Nzeru zimene zakutengera ku yunivesitezi ndi zanga, ndinangokubwereka. Kwa amayi ako unatengako mphuno ndi liuma.

Nkhani yake ndi iyi. Ukatsika matola pa depoti ya pa boma, ukapeza amalume ako a Fulugensio akukudikira, atavala jekete yachikopa ija imene savula ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'manja akakhala ndi buledi ndi kabotolo koziziritsa kukhosi. M'thumba la jekete mukakhala envulopu yakaki. Mu envulopumo muli ndalama yonse imene koleji ikufuna chaka chino, ndipo akuti azichita chomwecho chaka ndi chaka mpaka utamaliza. Kalata yonseyi ndi ya envulopu imeneyo.

Mmene timapezera pakhomo pano ukudziwa, palibe chokubisira. Ine ndine mlimi wamkulu wa mtedza kuyambira pano mpaka ku Chiosya, ngakhale a ku Zambia amaoloka kudzangoonera mizere yanga. Koma tsiku limene unandiwerengera ndalama ya fizi ija, ndinapita kukakhala pansi pa mtengo. Ndinaika mtedza wonse, ndinaika timabelo ta fodya tija, ndinaika mbuzi, ndinadziikapo ndi ine ndemwe pamodzi ndi nsapato zanga, koma sitinafike ngakhale pakati. Ndiye njira zatsala ziwiri. Ina ndi ngongole ya boma ija, imene ukasainire ukafika ku koleji n'kudzabweza ukadzayamba ntchito. Ina ndi envulopu ya amalume ako, imene akuti ndi mphatso.

Amayi ako anasankha kale. Dzana anandiimika pakhomo, chipande chili m'manja.

"Abambo a Prisika, mukufuna mwana ayambe moyo ngongole ili m'khosi, pamene achimwene akuti alipira ulere?"

Ine ndinati, "Nabanda, achimwene anuwo njira ya kwa ulere anaidziwa liti?"

"Nsanje basi! Munthu akathandiza mwana wa mlongo wake walakwa? Inu mwaikapo chiyani, tomato?"

Ndinatola khasu n'kulowera ku dimba, chifukwa munthu wanzeru sakangana ndi mkazi amene wagwira chipande. Amayi ako si oipa, akungoopa. Iwo akuganiza kuti ngongole ya boma imabwera ndi unyolo ndi apolisi. Iwenso ndinakumva tsiku lomwelo ukutsuka mbale, unanena motsitsa mawu kuti, "Ine ndatopa kubwezedwa kusukulu chifukwa cha ndalama." Unkaganiza kuti sindinamve. Ndinamva, ndipo mawu amenewo andikhala pachifuwa ngati mwala wa mphero. Sindikukudzudzula. Koma pali zimene ndinaona ine, zimene amayi ako safuna kukumbukira, ndiye tamvera.

Chaka chimene tinavotera matipate, iwe uli kamwana ka mamina mbwee, amalume ako anafika pakhomo akukankha njinga yatsopano, mapepala asanamatule n'komwe. Anati, "Alamu, munthu wamkulu ngati inu kumayenda pansi n'kuchititsa manyazi banja. Nayi, ndi yanu." Ine misozi inalengeza. Ndinazungulira mudzi wonse ndikuliza belu, agalu anasowa mtendere sabata yathunthu. Pasanapite nthawi anabweranso. "Alamu, popeza muli ndi njinga, mungondiponyerako timatumba tiwiri ta shuga kwa mnzanga tsidya ilo. Musadzere pa geti, pamachedwetsa, dzerani kanjira ka m'thengo kaja." Ndikanakana bwanji, matako anga ali pa chishalo chawo? Timatumba tiwiri tija tinabereka ana. Sabata iliyonse ulendo, kupita ndi shuga, kubwera ndi zitenje. Ndinkasenza katundu woti lole ikanapempha kupuma. Malipiro ake anali "zikomo alamu" ndi ndudu imodzi. Tsiku lina olondera malire a tsidya ilo anavumbuluka m'tchire ngati dzombe. Mwana wanga, ndinathamanga. Ndinathamanga mpaka mthunzi wanga unatsalira m'mbuyo, unafika pakhomo mawa lake uli wefuwefu. Njinga, shuga, chipewa, zonse zinatsala komweko. Amalume ako atamva anabwera msangamsanga. Ukuganiza anafunsa za miyendo yanga yong'ambika ndi minga? Anaima pabwalo paja n'kuti, "Alamu, njinga yanga ija ili kuti?" Yanga! Pokwera zitunda inali yanga, tsiku lotayika inasanduka yawo. Fodya wa zaka ziwiri anapita kwa iwo. Ndiye ukamva amalume ako akuti "ndi yako", uzicheuka kuyang'ana kumene kuli kanjira ka m'thengo.

Mwina uti zimenezo n'zakale, munthu amasintha. Chabwino. Nanga achimwene ako a Lameki, mwana wa amayi ako aakulu? Fizi yake yonse ya ku sekondale analipira ndi amalume ako, ndipo mudzi wonse unawaombera m'manja, ine ndemwe ndinaomba mpaka zikhato kutupa. Atamaliza, amalume ako anathamangathamanga mpaka kumupezera ntchito pa geti la m'malire, yokweza ndi kutsitsa chitsulo chija. Tinati mwayi wagwera mbumba. Sipanatenge nthawi, lole ya amalume ako inayamba kudziwa masiku amene Lameki ali pa ntchito. Inkadutsa osaima, ngati ya maliro. Tsiku limene inagwidwa, lole anaiombola, Lameki sanamuombole. Anamuchotsa ntchito. Lero akugulitsa dizilo m'zigubu m'mbali mwa msewu, wada ngati mphika. Mwezi watha nditapita kukagulitsa mtedza ku boma ndinakhala naye pa mwala.

Ndinati, "Lameki, iwe unali mwana wanzeru, unapusira pati?"

Anaseka, koma maso sanaseke nawo. Anati, "Bambo, inu mukanatani? Munthu watsitsa galasi la lole n'kukufunsa kuti, 'Lameki, buku lako loyamba anagula ndani?' Dzanja limakweza lokha chitsulo."

"Nanga lero amakuthandiza?"

"Amadutsa pompano. Dizilo amagula kwa mnzangayo, akuti wanga ndimathira palafini."

Tsono taganiza, Nambewe. Zaka zonse unali ku sekondale, amalume ako anakugulirapo chiyani? Ngakhale bolopeni yotafunidwa kale, ayi. Nthawi ija anakubweza chifukwa cha fizi, ine ndinapita kukagwada m'shopu mwawo pamaso pa makasitomala, anandiuza kuti bizinesi yadwala. Ndinabwerako n'kugulitsa nkhumba. Koma dzina lako litangomveka pa wailesi, n'kumvekanso kuti wasankhidwira za maakaunti, bizinesi inachira tsiku lomwelo, inadzuka pa mphasa n'kubwera kuno ndi buledi.

Lamulungu lija tinachita phwando lotsanzikana nawe, anthu ankati ndaledzera. Inde ndinali pa mpando, chipewa kumaso, koma ine mowa umandigwira miyendo yokha, kumakutu sufikako. Amalume ako anali kuseri kwa chigafa cha fodya ndi mnzawo wa malole uja wa mimba ngati mtsuko. Ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Lameki anali wa chitsulo chabe. Uyu adzakhala m'kati, wa cholembera. Zaka zinayi n'zochepa, mango amene timabzala n'kudikira." Wa mimba uja anafunsa kuti, "Nanga akadzakana?" Amalume ako anaseka n'kuti, "Adzakana ndi pakamwa pati? Padzakhala podzaza ndi fizi yanga."

Mwina ndinamva molakwa. Mwina ankanena mwana wina wa maakaunti amene ali m'mudzi muno koma sindinamuonepo. Mwina amalume ako anabadwanso mwatsopano panjira yobwera kuno. Zonse n'zotheka pansi pano. Koma mbewa imene imaona mtedza pansi pa mwala wotsamira kamtengo, n'kusafunsa kuti mwalawo wauimika ndani, imathera pa kapani.

Tsono usaganize kuti ndikukutuma kwa boma chifukwa boma ndi mngelo. Ayi ndithu. Ngongole ya boma nayo ndi ng'ona, kungoti ndi ng'ona yogona poyera, umaiona kutalika kwake. Ineyo inandilumapo. Nthawi ya kampeni yoyamba ija tinali titatenga feteleza wa ngongole ku kalabu ya alimi, ine ndili wapampando, nanga akanasankhanso ndani. Kunabwera anyamata a ndale pa galimoto ya zimkuzamawu n'kumakuwa kuti, "Ngongole imeneyo ndi ya boma lakale, ipita nalo limodzi, musabweze!" Ine ndinakwera pa chulu n'kubwereza uthengawo momveka bwino kuposa eni ake. Ndalama yobweza tinaidya. Tinagula nyama, ena anakwatira akazi achiwiri. Boma linasinthadi, koma ngongole sinamve kuti kwasintha zinthu. Chaka chotsatira feteleza sitinamuone, chimanga chinatuluka chachikasu, chofika m'mawondo. Kenako anabwera otolera. Popeza wosainira gulu ndinali ine, anzanga onse anasanduka alendo, wina mpaka analumbira kuti sanandionepo chibadwire. Anatenga mbuzi ndi chitseko. Ukukumbukira nthawi ija tinkatseka pakhomo ndi mphasa, ine n'kumakuuzani kuti ndi fasho ya ku Lilongwe?

Ndiye ku kolejiko ukapeza anzako ochenjera pakamwa, ana a mabwana, akuti, "Saina iwe, ngongole imeneyi palibe amabweza." Ukawayankhe kuti abambo anga anamvapo nyimbo imeneyo, anaivina mpaka chitseko chinachoka. Usanasaine uifunse ngongoleyo ngati mmene ndimachitira ine pogula mbuzi, kuitsegula kukamwa n'kuiona mano. Zonse pamodzi ndi zingati? Zimabereka? Kubweza kumayamba liti, ukamaliza sukulu kapena ukapeza ntchito? Nanga ntchito ikachedwa? Wa mu ofesiyo akakwiya, muleke akwiye, sadzakubwezera ndi iye. Pepala lako ulisunge pouma, posafika chiswe. Utenge ya fizi yokha, osaonjezerapo ya nsapato. Ndipo mnzako aliyense, ngakhale amene mumabwerekana sopo, akati undisainireko, umuuze kuti dzanja latupa.

Chimene ndikuikondera ngongole ya boma n'chimodzi chokha: ili ndi nambala. Chinthu cha nambala chimatha. Udzabweza, udzalira, koma tsiku lina adzakuuza kuti yatha, ndipo boma silidzaimirira pa ukwati wako kuuza anthu kuti linakugulira buku. Ya amalume ako ilibe nambala. Udzabweza ndi siginecha yako, udzabweza ndi ntchito yako, udzafika pomera imvi iyo ikadali yaiwisi.

Chinanso, usapusitsidwe ndi mawu oti salale. Anthu kuno ayamba kale kukuwerengera ndalama zimene sunazione. Akuti omaliza yunivesite amanyamula malipiro pa wilibala. Ine ndinaphunzirira pa fodya. Chaka choyamba kugulitsa ku okushoni pa dzina langalanga, ndinamva kuti fodya wanga wagulidwa m'madola. Madola, mwana wanga! Ndinalonjeza amayi ako malata, ndinalowa m'bala pa Mkanda n'kuuza aliyense kuti amwe, ndidzalipira ndalama ikafika. Anamwa ndi anthu oti sanalawepo mowa chibadwire. Pepala litabwera, pamwamba panali nambala yonenepa ngati nkhumba. Kutsika m'munsi, wa thiransipoti wadulapo, wa ziguduli wadulapo, wa msonkho wadulapo, wina amene sindikumudziwa mpaka lero wadulaponso. Pofika pansi, nkhumba ija inali itasanduka mbewa. Ya m'bala ndinalipira ndi nkhuku. Salale ndi chimodzimodzi. Ahedi a pasukulu yathuyi amavala tayi, koma mwezi usanafike pakati amatsikira kuno ku dimba kudzatenga tomato pa ngongole, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Mwana wa akatekisiti uja anamaliza koleji kalekale, mpaka lero akuzungulira m'maofesi ku Lilongwe, mapepala m'khwapa, nsapato zatha mbali imodzi. Ndiye ndalama yako yoyamba ikhoza kuchedwa, ndipo ikadzafika idzakhala yowonda. Boma lidzadulapo yake, mwini nyumba yake, yotsalayo idzapeza anthu ali kale pa mzere.

Mzerewo wayamba. Lamulungu lomwe lija a Nachisale a kumtunda, amene sanakupatsepo moni chibadwire, anabwera ndi nkhuku yathadzi n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Mwana wathuyu adzatikumbukira ndi malata." Nkhuku imodzi, malata! Nkhukuyo tinadya, inali yokoma, sindinganame. Koma Lolemba m'mawa ndinawapititsira bakha. Bakha ndi wamkulu kuposa nkhuku, ndiye panopa ndi iwo amene ali ndi ngongole kwa iwe. Aliyense amene anabweretsa kanthu ndamubwezera kokulirapo, khola latsala pululu, amayi ako akuti ndapenga. Ine ndikufuna uchoke m'mudzi muno wopanda chingwe kumwendo. Koma envulopu ija ndilibe bakha wake.

Za anyamata sindinena zambiri, amayi ako akuuza kale mpaka makutu ako atupa. Ndingoti mnyamata wokugulira tchipisi tsiku ndi tsiku, ndi bambo wa galimoto woima pa chipata cha koleji n'kumati "mwana iwe ndikuthandize fizi", onsewo ndi a Fulugensio, angosiyana jekete.

Ngakhale ine undikayikire. Inde, ineyo. Ndimadzidziwa. Tsiku lina ndidzatulukira pa ofesi yako nditavala nkhope ya maliro, ndikuti mbuzi yadwala, denga likudontha, msana wakana. Udzandiyang'ane bwinobwino. Ukadzaona diso lakumanzere likuphethira, udzandipatse ya basi yokha. Sindinakuphunzitse kuti udzakhale munda wanga. Chimene ndidzalandire kwa iwe ndi chipewa chimodzi, chachikulu, choti anthu a ku Chiosya azichiona ali kwawo.

Mwina ukufunsa kuti, abambo, ngati mukudziwa zonsezi, bwanji osawakaniza nokha amalumewo? Prisika, ine pano ndine mkamwini. Mudzi uno ndi wa amayi ako. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi lake ndi lawo. Dimba lino ndalilima zaka zonsezi, koma ndi la mbumba ya a Banda, ndipo mwini mbumba ndi a Fulugensio. Iwe amene, pa mwambo wathu, ndiwe wawo. Ine changa pa iwe ndi dzina la Nambewe lokhali. Pa phwando paja, mowa utanditsika m'miyendo, ndinayesa kutsegula pakamwa. Ndinati, "Alamu, nkhani ya fiziyi tikanakhala pansi kaye." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kuti, "Alamu, tambala ntchito yake n'kulira m'mawa. Za anapiye siyirani eni khola." Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo kuposa onse, nanga n'kutani. Ndiye pakamwa panga palibe mphamvu pa nkhaniyi. Dzanja limene litambasuke kapena kukhala pa bondo mawa ndi lako.

Ukachite chonchi. Ukawaona, ukagwade bwinobwino pa depoti pomwepo, diresi ikada idzachapidwa. Buledi ukalandire ndi manja awiri, chakumwacho ukamwe, ukathokoze mpaka atope. Akatulutsa envulopu, manja ako akakhale pa mawondo. Ukanene kuti, "Amalume, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma za fizi ndikatenga ngongole ya boma, abambo anandiuza kuti ndisalandire." Ukanditchule ine. Usadzisenzetse wekha, mutu wanga ndi waukulu, unazolowera katundu. Akayamba ndi kuseka. Kenako akati ukunyoza magazi ako. Kenako akayesa kuilowetsa okha m'chikwama, ndiye chikwamacho ukachikumbatire ngati mwana. Basi ikafika ukakwere, ukakhale kutali ndi windo, chifukwa munthu uja amatha kuponya.

Ukumbukirenso kuti envulopu ili ndi miyendo. Ikakanika pa depoti, idzakulondola ku koleji. Idzabwera ndi dalaivala wa lole amene "amangodutsa". Idzabwera m'thumba la ufa lochokera kwa amayi ako, itabisala pansi. Ndipo siidzabwera tsiku limene wakhuta ayi, idzasankha sabata imene sopo watha ndipo mayeso ali pakhomo. Chilichonse chochokera kuno, ngati mulibe kalata ya dzanja langa lokongolali, uyambe wachipapasa.

Sindikunamiza kuti n'zopepuka. Ukakana, ku koleji ukakhala mwana wa madiresi awiri. Anzako akamapita kukadya m'tauni, iwe uzikatafuna mtedza wanga wokazinga, umene ndi wokoma kuposa wa dziko lonse, komabe ndi mtedza. Ukadzamaliza, kwa zaka ndithu salale yako izidzafika yolumidwa kale. Kunonso kutentha. Amayi ako andiphikira ndiwo zopanda mchere mpaka Khirisimasi. Dimba lino amalume ako akhoza kulilanda n'kupatsa wina, ndipo ndi lomwe ndimati lizikupezera ya sopo ndi ya basi. Akalanda, ndidzamanga katsamiro pa keliyala ya njinga imene ndinadzagula ndekha pambuyo pake n'kuyamba kunyamula anthu pa Mkanda. Usandimvere chisoni, miyendo iyi ingakweze ngakhale bishopu ndi chikwama chake mpaka ku boma.

Ukalandiranso, sindidzakutemberera. Udzakhalabe Nambewe wanga, ndidzadzitamabe nawe m'bala mpaka anthu athawe. Kungoti ulandire ukudziwa chimene wanyamula, osati ngati ine ndi belu langa.

Kuno kulibe foni, ndipo kalata yako idzatenga masabata kuti indipeze. Koma ine ndidziwa msanga. Loweruka amalume ako akubwera kumudzi kudzagula mtedza. Ndidzakhala pansi pa mango wa panjira paja kuyambira m'mawa, nditavala malaya a kutchalitchi. Ukakhala kuti walandira, adzaimitsa galimoto, adzatsika akumwetulira, adzandigwira chanza ndi manja awiri n'kunditcha alamu okondedwa, mwinanso kundigulira mowa anthu akuona. Ukakhala kuti wakana, adzandidutsa ngati chitsa, n'kundisiyira fumbi m'maso ndi m'malaya.

Chikwatirire amayi ako ndakhala ndikulakalaka kuti munthu ameneyu tsiku lina adzandipatse ulemu pamaso pa anthu. Loweruka lino, mwana wanga, ndikupempha fumbi.

Yenda bwino, ukaphunzire ngati mwana wa ine.

Ndine bambo ako,
Gelevazio Mbewe
Katswiri wa mtedza, Mkanda yense